Mayi Asiyeni ndi Benchi Yokhalira Manja

Pa yunivesite imene ndimagwirako ntchito pali mayi ena ake amene anaphunzira zaka zambirimbiri, mpaka kuvala mkanjo wa omaliza maphunziro kawiri konse, kuti adziwe kukhalira manja awo. Musaganize kuti ndikuphiphiritsa ayi. Amayala zikhato zonse ziwiri pabenchi, n'kukhalapo phwii, n'kumaonerera munthu akulimbana ndi batani la malaya mpaka thukuta kamukamu. Benchiyo ndinakhoma ndine, choncho ndikudziwa zimene ndikunena. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Asiyeni, ndipo dzina lawo lenileni linangotsala pa chitseko cha ofesi basi.

Ine ndine kalipentala wa m'dipatimenti yawo, ndipo aliyense amangonditchula kuti Amisiri. Maphunziro a kumeneko ali ndi dzina lalitali la Chingerezi limene mpaka lero lilime langa limapunthwa nalo. Koma nkhani yake ndi yosavuta. Munthu akafa ziwalo, akavulala, kapena mwana akabadwa ndi manja ndi miyendo yosamvera, anthu amenewa amamuthandiza kuti azidzichitira yekha zinthu za tsiku ndi tsiku: kudya, kusamba, kuvala, kulemba, kubwerera ku ntchito yake. Ambiri amawasokoneza ndi a mafizo, aja owongola ziwalo. Mayi Asiyeni amakonda kunena kuti a mafizo amadzutsa mkono, koma iwo amafunsa mwini mkonoyo kuti akufuna kukagwira chiyani. A mafizo akamva zimenezi sakondwa, komabe tiyi amamwera limodzi.

Wekishopu yanga ili kumapeto kwa khonde, kupitirira chipinda chosungiramo ndodo ndi njinga za olumala. Muli zenera limodzi, tebulo lalikulu lokhala ndi chopanira matabwa, ndi makina odulira amene akangolira, aphunzitsi a m'chipinda choyandikana nafe amayamba aima kaye. Pamashelefu pali masupuni a zigwiriro zonenepa zokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, matabwa a misomali itatu yobayirapo mbatata kuti munthu asende ndi dzanja limodzi, ndi timipando ta zotchingira m'mbali ta ana amene satha kukhala okha. Ndakhala m'menemo zaka makumi awiri ndi zisanu.

Ndikusimba za mayi amenewa chifukwa chaka chatha wekishopu imeneyi inatsala pang'ono kundipulumuka. Dzanja langa lamanja linafa ndi sitiroko, ndipo kalata ya ku ofesi inati pakatha miyezi inayi, mkulu wa dipatimenti alembe lipoti lonena ngati ndingabwerere ku ntchito kapena ndipume. Mkulu wa dipatimentiyo anali Mayi Asiyeni, munthu amene ndinakhala ndikumuseka zaka makumi awiri. Koma ndiyambire kumene ndinawadziwira.

Anabwera ali kamtsikana kowonda, chikwama chachikulu kuposa msana. Nthawi imeneyo sanali Mayi, ndinkangoti "iwe", ndiye mundilole ndimutchule choncho pang'ono. Ankafuna udokotala, koma malikisi anamuperewera. Bambo ake, amene ankayendetsa basi, anali atalengeza kale mumsewu wawo wonse kuti m'nyumba mwawo mukutuluka dokotala. Pa holide yoyamba anamukhazika pabalaza n'kumuuza kuti aonetse zimene waphunzira. Mwana anatenga malaya a bambo ake, anabisa mkono umodzi kumbuyo, n'kuvala ndi dzanja limodzi mpaka batani lomaliza.

"Bambo anayang'ana malaya, anayang'ana ine," anandiuza atabwerako, atakhala pamulu wa matabwa. "Kenako akuti, 'Mwana wanga, zimenezi amayi ako anakuphunzitsa uli ndi zaka zinayi, ndipo nthawi imeneyo unkachita ndi manja awiri. Ndiye kuti kusukuluko mukubwerera m'mbuyo?'"

Ankaseka uku misozi ikulengeza. Ankakonda kudzabisala mu wekishopu chifukwa makina akamalira palibe amene amamva kuti munthu akufwenthera.

Chimene ophunzira a masiku ano sakhulupirira n'chakuti pa anzake onse, iyeyo ndiye anali wa manja ofulumira. Anali woyamba kubadwa pa ana asanu ndi awiri, ndipo anakula akupukuta mphuno ndi kumanga mabatani a abale ake. Ukangoti ukhosomole, madzi afika kale. Ukamafufuza pensulo kukhutu, iye wakupatsa kale ina. Wodwala akangoyang'ana kapu, iye waifikitsa kale pakamwa. Aphunzitsi ake ankamudandaula, iye osamva, chifukwa kwawo zimenezi n'zimene ankamutamira nazo.

Chimene chinamuphunzitsa ndi nsapato. M'chaka chachitatu anamutumiza ku chipatala, ndipo anamupatsa mkulu wina amene anafa mbali imodzi. Buku linati wodwala aphunzire kudya, kusamba, kuvala ndi kumanga zingwe za nsapato. Zitatu zoyambazo mkuluyo anali atayamba kale kuyesa, ndiye mtsikana anasankha chovutacho kuti aphunzitsi aone kuti ali ndi mutu. Anabwera kwa ine kuti ndimukhomere nsapato pathabwa yoti wodwala aziphunzirirapo. Ndinapereka nsapato yanga yakale, yakuda, ya kumanzere. Masabata asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse, anali pambali pa bedi ndi thabwa lake. Mkuluyo anali munthu waulemu, sankakana. Pomaliza ankamanga zingwezo ndi dzanja limodzi mwaluso, mpaka manesi ankaitanana kudzaonerera.

Tsiku lotuluka, mwana wamkazi wa mkuluyo anabwera ndi zovala za bambo ake m'jumbo. Anatulutsa malaya, buluku, kenako masilipasi a mphira.

"Nanga nsapato?" anafunsa mtsikana wathu.

"Nsapato ziti? Ababa chibadwire sanavalepo nsapato za zingwe. Amati zimawapana."

Mtsikana wathu anayang'ana masilipasiwo. Anacheukira mkuluyo. "Agogo, bwanji simunandiuze?"

"Sunandifunse, mwana wanga. Komanso ndinaona kuti zikukusangalatsa." Kenako anagwira chibwano chake. "Ine chimene chikundisowetsa mtendere ndi ndevuzi. Akundimeta ndi mkamwini wanga. Munthu wamkulu kugwiridwa mphuno ndi mkamwini, iwe ukuona bwanji?"

Atandiuza, ndinaseka mpaka utuchi unandilowa m'mphuno. Ndinati, "Safunsa anadya phula, iwe wadyera nsapato yanga!" Iye sanaseke. Ananyamula thabwa lija n'kupita nalo. Mlungu wotsatira anakwera basi pa tsiku lake lopuma kukafunafuna nyumba ya mkuluyo, atanyamula lezala limene tinalimangirira pa chigwiriro chachitali. Thabwa la nsapato lija lili pakhoma mu ofesi yawo mpaka lero, pamwamba pa madigiri.

Atamaliza maphunziro anakagwira ntchito ku zipatala zaka zingapo, anakwatiwa, anabereka ana awiri, anakaphunziranso, n'kubwerera kuno ali mphunzitsi. Apa ndiye "iwe" uja anathera, anakhala Mayi. Bambo awo atakalamba, maso atachita khungu, ndi mwana yemwe uja amene anawakonzera nyumba kuti aziyenda okha mpaka kubafa ndi kudzithirira tiyi osapsa. Akuti bambowo ankauza alendo kuti, "Madokotala anandilephera, anandikhoza ndi wa malayayu." Za kunyumba kwawo ndimangomva. Amati amuna awo amadzisokera okha mabatani, ndipo ana awo anayamba kudzipakira buledi asanayambe kuyankhula bwinobwino.

Atangofika anandiuza kuti ndiwakhomere benchi yosalala bwino pamwamba, yopanda zogwira m'mbali. Ndinaganiza kuti ndi ya odwala. Inali ya ophunzira. Malamulo awo ndi awiri okha: funsa kaye, kenako khalira manja. Wophunzira mmodzi amakhala wodwala, mnzake amakhala pabenchi atakhalira zikhato, ndipo amawerenga chamumtima mpaka makumi asanu ndi limodzi asanachite chilichonse. Akafika pamenepo amaloledwa kuthandiza ndi pakamwa pokha. Wina akangoti adzuke, mawu amamveka kuchokera pakhomo: "Asiyeni achite okha!"

Palinso tsiku la sokosi. A chaka choyamba onse amavala sokosi kudzanja limene amalembera, kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo amapita nayo m'kalasi, kodyera, ngakhale kuchimbudzi. Tsiku limenelo ine ndinkatulutsa mpando pakhonde kuti ndione bwino. Anyamata odzitama aja, zipi itawakanika, ankadutsa atagwirizira buku kutsogolo. Ndinkawafunsa kuti, "Bwanji achimwene, lero mwakonda kuwerenga?" Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambi umenewu ndinkaudziwa, koma ndinkati ndi wa anthu ena.

Mkangano wathu waukulu unali wa mu wekishopu. Wophunzira aliyense amayenera kupanga yekha chipangizo chimodzi chothandizira wodwala, ndipo amabwera kwa ine. Tsono ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa. Ndikaona munthu wagwira sowo ngati akucheka buledi, sindipirira. Ndinkangoti, "Bweretsa kuno!" n'kulanda, ndipo pa mphindi khumi chinthu chatha, chokongola. Ophunzira si opusa. Anauzana kuti kwa Amisiri n'kosavuta: ingogwira chipangizo mozondoka, uime pafupi nawo, udikire.

Chaka chilichonse Mayi Asiyeni ankabwera kudzaona ntchito za ophunzira zitandandalikidwa patebulo. Ankanyamula chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kuchibweza.

"Amisiri, mwakhozanso chaka chino," ankatero. "Ophunzira makumi atatu, mmisiri mmodzi."

"Mukufuna ndizingoonerera akuwononga matabwa?"

"Awononge. Akadzapita ku zipatala zakutali kumene kulibe kalipentala, adzakunyamulani m'chikwama?"

"Inu mtima wanu ndi wouma, Mayi. Zanu zokhalira manjazi ndi ulesi wokhala ndi digiri."

Iwo ankangomwetulira n'kutuluka. Ndipo ine ndinkakhulupiriradi zimenezo. Ndinkati kamtsikana kachifundo kaja kanafera m'mabuku.

Tsoka silinunkha. Linali Loweruka m'mawa, ndikumwa tiyi kunyumba, kapu inangochoka m'manja n'kusweka. Ndinati ndikalipire akazi anga kuti chigwiriro chinali choterera, koma mawu anatuluka ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinagona m'chipatala masabata awiri. Mwendo unabwerera. Pakamwa panabwereranso, ndipo akazi anga amati mwa ziwalo zonse, pamenepo ndi pamene pakanachedwako pang'ono. Koma dzanja lamanja linakana. Zala zinapindika ngati zafumbata dzira, ndipo ndikazilamula zinkangondiyang'ana. Ndinachita mantha kwambiri, kuposa mmene ndinachitirapo moyo wanga wonse.

Akazi anga anandisandutsa khanda. Kundisambitsa, kundiveka, kundidyetsa, ngakhale wailesi ankanditsegulira. Ine ndinkakalipa koma ndinkalola, chifukwa zinali zosavuta. Kalata ya ku ofesi ija itafika, ndinaiwerenga kawiri n'kuiika pansi pa pilo.

Tsiku lina m'mawa Mayi Asiyeni anagogoda, ali ndi wophunzira wa chaka chomaliza, mtsikana wamtali amene anzake amamutcha Phuma chifukwa sachedwa pa chilichonse. Phuma ameneyu ndiye anali katswiri wogwira sowo mozondoka pafupi ndi ine. Anatipeza kuchipinda chochezera, akazi anga atawerama akundimanga mabatani.

"Mayi, tabwerani tikhale apa," anatero Mayi Asiyeni atapereka moni. Anamasula mabatani atatu amene anali atamangidwa kale, anakhazika akazi anga pasofa, n'kuwaonetsa poika manja.

"Iii, mwamuna wanga azivutika ine ndili pompano?" anatero akazi anga. "Anthu ati chiyani?"

"Anthuwo adzabwera kudzawaveka tsiku limene inu mudzadwale?"

Akazi anga anakhalira manja, koma pakamwa sanakhalire. "Bambo, lam'munsilo. Ayi, linalo. Ambuye, akulowetsa pena!" Mabatani asanu ananditengera mphindi makumi awiri, ndipo nditamaliza, mbali imodzi ya malaya inali yaitali kuposa inzake. Ndinatukwana malaya, ndinatukwana amene anayambitsa mabatani. Mayi Asiyeni anangoti, "Mwavala," ngati akunena kuti kunja kuli dzuwa.

Kenako anakodola Phuma. Mtsikanayo anatsegula kope lake, manyazi atamugwira. "Amisiri, mukufuna kumachitanso chiyani?"

"Funso lanji limenelo? Ndikufuna sowo yanga."

Analemba. Ndipo miyezi itatu ndi theka tinalimbana nazo, ine ndi Phuma, kawiri pa sabata, Mayi akubwera mwa apo ndi apo. Dzanja lamanzere linaphunzira kulemba zilembo zonga za mwana wa sitandade wani. Ndinadyera supuni ya chigwiriro cha mphira, ndipo nditaitembenuza ndinapeza kachizindikiro kanga kamene ndimadinda pa zonse zimene ndapanga. Sindinadye bwino tsiku limenelo. Dzanja lamanja linafika poti likhoza kutsamira pathabwa kuti lisasunthe, basi. Msomali ndinaphunzira kuugwiritsa ndi chopanira zovala kuti ndiukhome ndi dzanja limodzi. Nzeru imeneyo inali ya Phuma, ndipo ndinadabwa kuti mwanayo ali ndi mutu ndithu.

Kutatsala sabata imodzi kuti lipoti lilembedwe, Mayi anandiitanitsa ku wekishopu. Fungo la utuchi linandimenya ndili pakhomo. Patebulo panali thabwa la nsapato lija. Linali litang'ambika pakona, nsapato ikulendewera ndi msomali umodzi.

"Linagwa pakhoma," anatero. "Mundidulire thabwa lina, mulisalaze, mukhomerepo nsapatoyi." Anakoka benchi yawo, imene anali ataibweretsa m'menemo, n'kukhalira manja moyang'anana nane.

Ntchito imeneyi kale inali ya mphindi khumi. Ndinapana thabwa, ndinajambula mzere, ndinagwira sowo kumanzere. Sowo inadumpha, inakanda pambali. Ndinayambanso. Inalowa, koma inkangokhotera kumene ikufuna. Malaya ananyowa kumsana. Nditafika pa misomali, woyamba unapindika. Wachiwiri unauluka n'kukagwera kuseri kwa makina. Wachitatu nawo unapindika, hamala n'kundigwera pa chala chakufa chija, chimene ululu wokha chimaumva bwinobwino. Ola linali litakwana. Ndinadzutsa mutu kuti ndiwauze mayiwo mawu amene ndinawasungira zaka zambiri.

Mayi Asiyeni anali pabenchi paja, mapewa akunjenjemera, mlomo wam'munsi atauluma. Misozi inali itatsika mpaka kuchibwano n'kumadonthera pa bulauzi, ndipo sakanatha kuipukuta chifukwa manja anali atawakhalira. Zaka zonsezi benchi ija ndinkaionera kumbuyo, ndikudutsa pakhonde. Ndinali ndisanaione kuchokera kumene wodwala amakhala. Kamtsikana kofulumira manja kaja sikanafe ayi, kanali pomwepo, katapanidwa pansi pa mayi wamkulu. Manyazi anandigwira. Ndinatola msomali wachinayi.

Nditamaliza, thabwa linali lokhota ndipo nsapato inapendekera kumanja. Mayi anadzuka, anapukuta nkhope, anatambasula zala zimene zinali zitachita mizeremizere. Anayang'ana ntchito yanga nthawi yaitali.

"Sindikunamizani, Amisiri. Makina odulira aja simudzawagwiranso. Ndipo zipangizo makumi atatu pa temu simungazithe."

Ndinaika hamala pansi. "Ndiye mulemba kuti ndipume."

"Dikirani. Nsapato iyi inandiphunzitsa kufunsa, koma zaka zandiphunzitsa kufunsa kawiri. Munati mukufuna sowo. Sowo ndikhoza kukupatsani lero, mupite nayo kunyumba muzidula zimene mukufuna. Kodi ndi sowo imene mukufuna, kapena chipinda chino?"

Ndinayang'ana zenera lija, mashelefu, khoma limene ophunzira amalembapo miyeso ndi pensulo ngakhale ndimawaletsa. Ndinaganiza za phokoso lawo Lolemba masana, akukankhana pakhomo, akundinamiza kuti tepi yoyezera yasowa pamene ili m'thumba mwawo.

"Chipinda chino," ndinatero. "Ndi anawo."

"Chabwino. Ndinakawerenga kalata imene anakulemberani ntchito. Imati ntchito yanu ndi kuphunzitsa ophunzira kupanga zipangizo. Kuphunzitsa, Amisiri. Zaka makumi awiri ndi zisanu ntchito imeneyo simunaigwirepo, ndiye sindikudziwa ngati mumaitha. Lolemba Phuma apanga kampando ka mwana wina wa ku chipatala. Inu mukhala apa." Analoza benchi. "Mukagwira chipangizo chilichonse, ngakhale pensulo, ndilemba kuti mupume. Dzanja lamanzerelo ndaliona, layamba kale matama."

Kunyumba akazi anga atamva anaseka mpaka anagwira khoma. "Inuyo? Kukhalira manja? Bambo, ingoyambanipo kuweta nkhuku."

Lolemba masana ndinafika malaya nditamanga ndekha, mabatani onse m'malo mwake. Ndinakhala pabenchi, dzanja lamanzere pansi panga, lamanja pamwendo, chifukwa ilo linali lomvera kale. Mayi anaima pakhomo atapinda mikono. Phuma anayala matabwa, anajambula mizere, anatenga sowo. Kenako, mwa chizolowezi chake, anaigwira mopendeka n'kundiyang'ana cham'mbali.

Dzanja pansi panga linafuna kulanda sowoyo monga kale. Ndinayamba kuwerenga chamumtima, ndipo ndikuuzeni kuti kuchoka pa chimodzi kufika pa makumi asanu ndi limodzi ndi ulendo wautali.

"Usandiyang'ane ine, yang'ana mzere," ndinatero nditafika. "Chala cholozera chigone m'mbali mwa chigwiriro. Eya. Tsono kokera kwa iwe katatu, pang'onopang'ono, kuti sowo ipeze njira."

"Ikukana, Amisiri."

"Ukuikakamiza. Usakanikize, imadya yokha. Phewa, chigongono ndi sowo zikhale pa mzere umodzi."

Ndinadabwa kumva mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwanga. Zinthu zimenezi manja anga ankazidziwa, koma ndinali ndisanazinenepo kwa munthu. Thabwa loyamba analiwononga. Ndinaliona likuwonongeka kuyambira pachiyambi, thabwa labwino louma, ndipo ndinangomeza malovu. Lachiwiri linatuluka bwinoko. Atadula lachitatu, anaima, anayeza ndi tepi, n'kudzilankhulira yekha kuti, "Aa, ndiye kuti mzere umadyedwa ndi sowo." Sindinamuuze ine zimenezo. Anajambulanso mzere wina, nkhope yake itasintha, ndipo kuyambira pamenepo anaiwala zondiyang'ana.

Dzuwa litapendeka anafika pa thabwa lakumsana kwa kampandoko, lalikulu pa onse. Phuma ndi Phuma: analiika m'chopanira koma sanamange mokwanira. Ndinaona. Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso, chifukwa ndinadziwa kuti thabwa likagwa kamodzi sadzaiwalanso, ndipo mapazi ake anali kutali. Anakoka sowo kawiri, kachitatu thabwa linapendeka, linatsetsereka, n'kuyamba kugwa.

Amene analumpha si ine. Mayi Asiyeni anachoka pakhomo paja ngati mwana wa sukulu, manja onse awiri kutsogolo. Thabwa linawapitirira n'kugwa pansi, phaa, utuchi kobo. Anawerama kuti alitole.

"Mayi," ndinatero, "asiyeni achite okha."

Anaima chiweramire. Phuma anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Mayi anawongoka pang'onopang'ono, anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina, kenako anaseka, kuseka kuja kwa pamulu wa matabwa kumene ndinali ndisanakumve zaka makumi awiri. Anabwera pabenchi.

"Tasunthani. Benchi imeneyi munaipanga yaifupi."

Ndinasuntha. Anakhala pambali panga n'kulowetsa manja pansi pawo.

"Lolemba likudzali muli ndi a chaka chachiwiri, makumi atatu," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Musachedwe. Ndipo muitanitse matabwa ambiri, awononga."

Dzanja langa lamanzere linali litachita dzanzi, ndipo linkawawa kuyambira m'zala mpaka m'phewa, osati chifukwa cholikhalira chokha ayi.

"Kodi Mayi," ndinafunsa motsitsa mawu, "zimenezi zimasiya kuwawa pakapita zaka zingati?"

"Sizisiya, Amisiri."

Tinakhala choncho awirife. Phuma anatola thabwa lake, analipukuta ndi mkono wa malaya, analibwezera m'chopanira, n'kumanga mwamphamvu ndi manja onse awiri.